A Sumaili ndi Tiyi wa M'timatumba

Lachisanu lapitali chinakwana chaka chiikireni m'manda a Sumaili. Mwana wawo Zainabu anatsika ndi shapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Lichinga, atanyamula mpunga ndi mbuzi ya sadaka. Anaphikira pabwalo la msikiti, chifukwa azimayi anakana kukaphikira kunyumba ya malemuwo. Anthu anabwera ndithu, koma osati monga akanabwerera pa sadaka ya munthu amene anamwetsa mudzi wonse tiyi kwa zaka zambirimbiri. Mpunga unatsala miphika iwiri. Ine ndine Mkhristu, katekista wa tchalitchi chathu chaching'ono, koma ndinapita ndipo ndinadya. Zainabu anandipeza ndikusamba m'manja. Anati ana ake akukula osadziwa kanthu za agogo awo kupatula zimene anthu amanong'onezana, ndiye ndiwalembereko zimene ndikukumbuka. Ndinamuyankha kuti ndiganizire kaye, ndipo ndaganizira sabata yathunthu.

Zimene amanong'onezanazo ndizilembe poyera pano, kuti zisatitsatire chakumbuyo. Amati a Sumaili anapha mlamu wawo, a Yusufu, ndi kapu ya tiyi. Iwo anamwalira dzina lawo lisanayere, ndipo mpaka lero silinayere.

Ndikawakumbuka, choyamba kubwera ndi khutu lawo. Anali munthu wamtali, woonda, wa diso limodzi la ng'ala, ndipo madzi ankawamva ndi khutu. Ketulo ikakhala pa mbaula ankasiya nkhani pakati n'kupendeketsa mutu mpaka kofia kutsala pang'ono kugwa. Ankati madzi amayamba kulira ngati udzudzu, kenako amang'ung'udza ngati apongozi, ndipo akafika pobwata amakhala atakalamba kale. Ukawayankhulitsa pa nthawi imeneyo ankangokuimikira chala. Anachitapo zimenezi ngakhale kwa munthu wa boma amene anabwera kudzalemba mabwato, ndipo munthuyo anadikira, cholembera chili m'manja.

Baraka yawo, kanyumba kogulitsiramo tiyi, inali padoko, ya bango ndi malata atatu. Asodzi akatuluka m'madzi m'mamawa, manja atauma ndi mwera, ankalunjika pomwepo asanagulitse n'komwe nsomba. Tiyi wa masiku amenewo anali wakuda, wa masamba a ku Gurue, wowiritsa mpaka kufiira ngati dothi la kumtunda, shuga wothira mosaumira. A Sumaili ankakangana ndi anthu awo tsiku lililonse. Wouzira tiyi ndi pakamwa ankamulanda kapu, kunena kuti amene akufulumira akamwe nyanja, yozizira kale. Wobwera m'manja muli mamba ankamubweza kukasamba. Woviika mandasi mpaka kusiya nyenyeswa pansi pa kapu ankatsuka yekha, anzake akumuseka. Asodzi ankachoka akung'ung'udza kuti mdala ameneyu akuganiza kuti ali ndi hotela, mawa lake n'kubweranso.

Ine anandiyamba tsiku loyamba. Nkhondo itatha tinabwerako ku Malawi, kumene tinathawira, pomwe iwo sanachoke pano ngakhale tsiku limodzi. Ndinakhala pa benchi n'kupempha tiyi wamkaka. Anandiyang'ana ndi diso labwino lija n'kundifunsa ngati ng'ombe yanga ndaimangirira kuseri. Kuyambira pamenepo dzina langa la Barnaba linatha, ndinakhala bwana wa kutsidya mpaka tsiku lawo lomaliza. Tinkatsutsana za tiyi wa ku Mulanje ndi wa ku Gurue ngati kuti minda yake ndi yathu. Za chipembedzo sitinatsutsanepo. Mkazi wanga atamwalira anatseka baraka, ananyamula ketulo yaikulu ndi mbaula, n'kudzakhala kuseri kwa nyumba yanga masiku onse a maliro. Nyimbo zathu sankalowa nawo, koma palibe wolira amene anachoka osamwa kanthu kotentha. Nditafuna kuwathokoza anandiuza kuti makapu anga ndi osatsuka bwino.

Matenda anawayamba ndi ludzu losatha ndi kutupa miyendo. Kuchipatala ku Metangula anawauza kuti ali ndi shuga ndi tensau, kuthamanga kwa magazi kuja, ndipo shuga wa m'tiyi amuiwale. Anapirira miyezi ingapo, kenako anatseka baraka. Ankati sangagulitse chinthu chimene sakulawa. Tiyi wakuda wopanda shuga anamukana. Anandiuza kuti kumwa tiyi wotero kuli ngati kukumana panjira ndi bwenzi lakale limene lasiya kukupatsa moni. Anayamba kumwa madzi otentha okha, atakhala pakhonde, nkhope itagwa, ndipo tonse tinaona kuti munthuyu akutha.

Zainabu ndiye anatumiza kabokosi kudzera mwa woyendetsa shapa. Kanali kobiriwira, kopepuka ngati mulibe kanthu, pamwamba atalemba kuti sha verde, ndiko kuti tiyi wobiriwira. M'kati munali timatumba ta pepala, kalikonse ndi kachingwe kake. A Sumaili, munthu wa tiyi moyo wake wonse, anachita zimene aliyense wa ife akanachita. Anaponya timatumba tinayi m'ketulo n'kuwiritsa monga ankawiritsira wa ku Gurue, kudikira kuti afiire. Sanafiire. Anawonjezera makala. Tinalipo atatu tsiku limenelo: iwo, ine, ndi a Yusufu, amene anakwatira mlongo wawo. A Yusufu analawa, analavula kutali, n'kufunsa ngati Zainabu watumiza tiyi kapena ndulu ya kampango. Ine ndinameza chifukwa cha ulemu, ndipo lilime linandimata ngati ndadya nthochi yosapsa. A Sumaili anamwa kapu yawo yonse mwakachetechete, kenako ananena kuti wolakwa si tsamba, ndi wophika.

Zinawatengera pafupifupi mwezi, ndipo kabokosi koyamba kanathera m'kuyesa. Anapeza kuti tiyi ameneyu safuna madzi okalamba. Ketulo ankaiphula madzi akadali kung'ung'udza, n'kuiika pansi kuti ipume. Kathumba ankakaika m'kapu, osati m'ketulo, ndipo sikankayenera kukhalitsa. Wotchi analibe, choncho ankatenga tasibihi yawo, mikanda yopempherera ija, n'kuizungulira kamodzi, milomo ikugwedera, mutu atauweramitsira pa kapu kuti aone mtundu. Mkanda womaliza ukadutsa ankakoka kachingwe. Kufinya kathumba ankaletsa ngati tchimo.

Tiyi wake ankatuluka wotuwa mobiriwira, woonekera mpaka pansi pa kapu. Ankanunkhira ngati udzu womweta kumene, mwina ndi kafungo ka ndere za pamiyala patali. Pakamwa ankayamba ndi kuwawa pang'ono, koma ukameza n'kudikira osayankhula, kukhosi kunkabwera kutsekemera kopyapyala kumene sikukhala pa lilime. A Sumaili ankati shuga amafuula, pomwe uyu amakunong'oneza, ndipo anthu ambiri amalephera kumumva chifukwa amameza akuyankhula. Ankanenanso kuti zaka zonse za pa baraka ankagulitsa shuga wotentha, tiyi weniweni amulawa atakalamba. Sindinganene kuti ndinamukonda monga iwo. Ndinazolowera, ndipo m'mawa umene sindinamwe ndinkamva kuti china chake chasowa.

Chimene chinkawasangalatsa kwambiri n'chakuti tiyiyu anali wotchipa. Zainabu anawauza kuti m'sitolo ku Lichinga amakhala pa shelefu ya pansi, ndipo ena a mabokosi onyezimira amadula kwambiri. Nthawi ina anawatumizira wodulayo kuti awasangalatse. Anamuphika mwaulemu wonse, analawa, n'kutumiza mawu kuti mwanayo asamawonongere ndalama pa bokosi, pakuti bokosi samwa. Pa kabokosi kawo panalinso liwu lakuti organiku. Atamva kuti likutanthauza tsamba lolimidwa popanda feteleza ndi mankhwala opopera, anaseka mpaka kutsokomola. Anati ndiye kuti chinangwa chawo ndi organiku chibadwire, ndi mbuzi zomwe, ndi iwo eni ake, kungoti palibe amene anawalemba pamphumi. Komabe liwulo analikonda. Ankati munthu amene thupi lake ladzaza kale ndi mapiritsi ayenera kumwako chinthu chimodzi chimene sichinapoperedwe.

Kathumba kamodzi ankaphikira kawiri. Akakachotsa m'kapu ankakapachika ndi kachingwe kake pa mpanda wa bango kuti kaume. Tiyi wachiwiri ankakhala wofatsa, kuwawa kutachepa, ndipo a Yusufu ankakonda ameneyo. Inde, a Yusufu omwe aja a ndulu ya kampango. Nawonso anali atauzidwa za tensau, ndipo anayamba kubwera m'mawa uliwonse akuchoka ku swala kumsikiti, kudzakhala pakhonde n'kunyoza tiyiyo uku akumwa. Ankalowa pampanda akufunsa ngati mkodzo wa mbuzi wapsa, a Sumaili n'kuyankha kuti wa alamu ulipo, wauma bwino kuyambira dzulo. Anthu awiriwa anali ndi mkangano wawo wakale. Mlongo wa a Sumaili atamwalira, a Yusufu anapitiriza kulima dimba lake la mpunga, ndipo a Sumaili ankati dimbalo ndi la kwa amayi awo, libwerere. Ankakokana za dimbalo mokweza, mudzi wonse ukumva, kenako n'kuthirirana tiyi.

A Yusufu anagwa m'dimba lomwelo, dzuwa lili pamutu, khasu lili m'manja. Pofika nawo kumudzi anali atatha. M'mawa wa tsikulo anali atamwa tiyi pakhonde pa a Sumaili monga mwa masiku onse. Ine tsiku limenelo kunalibe, ndinapita ku Metangula.

Tisanamalize n'komwe masiku atatu a maliro, nkhani inali itayamba kuchitsime. Kuno tonse timadziwa hirizi, kapepala kopinda kosokerera m'kansalu, ka chingwe chake, kovala m'khosi kapena m'chiuno. Timadziwanso madzi amene munthu wodziwa amawawerengera mawu n'kumwetsa wodwala. Azimayi odutsa anali ataona kwa miyezi timatumba ta zingwe titalendewera pa mpanda wa a Sumaili. Anali atawaona akunong'ona ataweramira kapu. Wina anakumbuka kuti kathumba kawo ankatenga m'bokosi, koma ka a Yusufu ankakathyola pa mpanda. Wina anakumbuka dimba. Chilichonse chimene ananena chinali choona, ndipo atachiphatikiza chinatuluka chinthu chimene sichinachitike.

Amene anainyamula nkhaniyo poyera anali Rajabu, mwana wamkulu wa a Yusufu, mphwake weniweni wa a Sumaili, bambo wa ana anayi. A shehe anaitanitsa akuluakulu pakhonde la msikiti, Lachisanu swala itatha, ndipo ine anandiitana monga munthu amene ankamwa nawo. A Sumaili anabwera ndi kabokosi kawo m'khwapa. A shehe anawerenga zolembedwa zonse za Chipwitikizi, anang'amba kathumba kamodzi, ananunkhiza, anaika pa lilime, n'kunena kuti awa ndi masamba basi.

"Masambawo ndawaona, a shehe," anatero Rajabu. "Nanga mawu amene amanenerapo aja?"

"Ndimawerenga tasibihi, iwe," anatero a Sumaili. "Ukandigulira wotchi ndisiya."

Ena anaseka, ndipo kusekako kunamuipira Rajabu. Anafunsa chifukwa chimene bambo ake ankapatsidwa cha pa mpanda. A Sumaili anayankha kuti bambo akewo anali ndi lilime la mwana, ankaopa zowawa. Kenako anamuyang'ana mphwawo kwa nthawi yaitali.

"Iwe ndinakumwetsa tiyi ndi supuni usanamere mano. Bambo ako amwa m'manja mwanga chikwatirireni mlongo wanga. Ndikanafuna, ndikanadikira kuti ndikalambe?"

Rajabu sanagonje. Apa a shehe anatembenukira kwa ine. Ndinanena kuti tiyiyo ndamwa kambirimbiri, wa m'bokosi ndi wa pa mpanda womwe, ndipo sindinadwalepo. Rajabu anandifunsa mwaulemu ngati ndingalumbire kuti m'kapu ya bambo ake m'mawa uja munalibe kanthu. Ine ndine munthu wosafulumira kunena zimene sindinaone. Moyo wanga wonse ndinkaona ngati khalidwe limeneli ndi labwino. Ndinayankha kuti tsiku limenelo kunalibe, choncho sindingalumbire, wodziwa ndi Mulungu. Sindinanama. Koma dzuwa lisanalowe mudzi wonse unali utamva kuti ngakhale a katekista, bwenzi lawo, akana kulumbira.

A shehe ankafuna mtendere. Anati popeza mitima yavulala, a Sumaili awotche kabokosiko pamaso pa onse, asiye tiyi wachilendoyu, agwirane chanza ndi mphwawo, nkhani ithere pomwepo. Akuluakulu onse anavomereza, ndipo inenso mumtima ndinkapemphera kuti avomere. Chinali chinthu chaching'ono, kabokosi kotchipa. Wina anali atapita kale kukatenga machesi.

"Ayi, a shehe," anatero a Sumaili, osakweza mawu. "Ndikawotcha lero, mawa ana awa adzauza ana awo kuti Sumaili anawotcha mankhwala ake pamsikiti. Munthu sawotcha chinthu chosalakwa. Alamu anga ndinawapatsa tiyi, ndipo ndikanakonda akanabwera mawa kuti ndiwapatsenso."

Anatola kathumba kamene a shehe anang'amba, anakokolola timasamba tonse m'dzanja kuti tisatayike, anaika kabokosi m'khwapa, n'kupita kwawo pang'onopang'ono ndi miyendo yawo yotupa ija. Palibe amene anawaperekeza. Ena amati kumeneku kunali kuuma mutu, ndipo akanawotcha bwenzi atafa ndi anthu. Mwina n'zoona. Ndakhala ndikuzitembenuza zaka zitatu tsopano, ndipo sindinapeze mbali imene ndingaimepo osagwedezeka.

Chimene ndikulemba tsopano sindinamuuzepo Zainabu, ndipo achiwerenga pano koyamba. Patapita masiku atatu ndinapita kukawaona m'mawa. Anandilandira ngati palibe chimene ndinanena kumsikiti. Anaphula ketulo, anazungulira tasibihi, anandipatsa kapu yanga, kathumba katsopano ka m'bokosi. M'mutu mwanga ndinkadziwa bwino lomwe kuti munthuyu ndi wosalakwa. Koma nditayandikitsa kapu kukamwa, ndinaibweza osamwa. Ndinaona nkhope ya a Yusufu monga anandifotokozera amene anawapeza, dothi la m'dimba lili m'ndevu. A Sumaili analowa m'nyumba kukatenga mapiritsi awo, ndipo ine ndinapendeketsa kapu n'kukhuthulira tiyi yense pamchenga, m'mbali mwa khonde.

Atatuluka anayang'ana kapu yanga, kenako pansi. Mchenga unali utada, ndipo kanthunzi kanali kakukwerabe.

"Mwafulumira lero, bwana wa kutsidya," anatero. "Sanakuwotcheni?"

Ndinati ayi. Anakhala pansi, anayamba kundiuza kuti mwera wa chaka chino wachedwa, ndipo ali m'kati moyankhula anatambasula mwendo n'kukankhira mchenga wouma pamalo ponyowapo ndi nkhwaira yawo, kawiri, mpaka pataphimbika. Sanasiye nkhani ya mwera, ndipo sanandiyang'ane.

Anakhala zaka zina ziwiri. Kumsikiti ankapita, n'kuima kumapeto kwa mzere, ndipo woyandikana nawo ankasiya kampata. Moni ankapatsidwa, koma wa patali. Pa maukwati sankaitanidwa. Azimayi ankaletsa ana kutola chilichonse chogwa pa mpanda wawo. Iwo sanabise kanthu. Timatumba ankapachikabe pomwe paja, kumbali ya njira, pamene aliyense angaone. Zainabu anawachonderera kuti asamukire ku Lichinga, koma anakana, kunena kuti wothawa ndi wowotcha ndi amodzi, ndiponso ku Lichinga kumazizira ngati m'manda. Dimba lija sanalitchulenso. Rajabu ankalima, ndipo iwo ankangofunsa kwa ine ngati mpunga wa mwana wa mlongo wawo wachita bwino.

Ine ndinkapitabe kamodzi pa sabata, Lachiwiri. Sanandipatsenso tiyi. Ankaphika wawo, n'kumwa pamaso panga mosafulumira, ndipo ine ankandiikira nthochi, kapena mtedza wosasenda, kapena dzira lophika. Panapita miyezi ndisanazindikire kuti chilichonse chimene ankandipatsa chinali chobwera ndi khungu lake, choti ndisende ndekha ndi manja anga. Nditazindikira ndinaika dziralo pansi osalimaliza. Ndinakonza mawu oti ndiwapemphe tiyi. Anali mawu ochepa, oti mwana angathe kunena. Lachiwiri lililonse ndinkachoka nawo kwathu, ndipo ndikafika ndinkaona kuti lero si tsiku labwino, akuoneka otopa, kapena tili m'kati mwa nkhani ina, ndidzanena sabata ya mawa. Nthawi ina ndinayamba ndithu, ndinati, a Sumaili, tiyi uja. Anandidula mofatsa n'kundifunsa ngati denga la tchalitchi tinalikonza.

Nthabwala sanasiye. Ankati mudzi wawachitira chifundo, chifukwa kabokosi kamene kankatha msanga tsopano kakukhalitsa. Ankati akanadziwa kuti kuopedwa kumabweretsa mtendere wotere akanayamba kalekale, asodzi akanaleka kuwauzirira tiyi. Koma tsiku lina ndinawapeza atakhala pakhonde, kathumba kouma ka pa mpanda kali m'manja. Anandiuza kuti tiyi wachiwiri samukonda kwenikweni, amamumwa chifukwa palibenso womumwa, ndipo nthawi zina akamva nkhwaira panjira m'mawa amapezeka atayamba kale kuyankha chipongwe chimene palibe wanena.

Anamwalira mu Dizembro, mvula yoyamba itagwa. Ndine ndinawapeza, Lachiwiri m'mawa, atatsamira khoma pakhonde, mbaula itazima. Ndinathamangira kwa a shehe. Nthawi yosambitsa mtembo itakwana, amuna amene amagwira ntchito imeneyi anapezeka kuti wina wapita kunyanja, wina mutu ukumupweteka. A shehe anapinda okha manja a mkanjo wawo, ndipo anathandizidwa ndi anthu awiri ochokera ku Metangula amene sankadziwa nkhaniyo. Pa jeneza, chonyamulira mtembo chija, pamene mwa mwambo amuna amalimbirana kuti aliyense anyamuleko pang'ono, omwewo anayenda nalo mpaka kumanda osalandiridwa. Ine sindinkadziwa ngati Mkhristu amaloledwa kugwira, ndipo pamene ndinkaganizira zofunsa tinali titafika. Rajabu anaima patali pansi pa mtengo, ndipo anachoka dothi lisanathe kukwiriridwa. Sindimuweruza. Bambo ake anatuluka m'nyumba ali bwinobwino n'kubwera atanyamulidwa, ndipo mtima wa munthu umafuna pogwira.

Ana a Zainabu, agogo anu anali munthu wovuta, waukhondo, wa pakamwa pakuthwa, ndipo sanaphe munthu. Tsopano ndikulumbira, ngakhale kuti m'mawa uja kunalibe. Ndikudziwa kuti lumbiro ili lachedwa, ndipo likulembedwa pa pepala limene anthu a pakhonde la msikiti sadzawerenga.

Nyumba yawo ikadalipo, yachitatu kuchokera pa chitsime. Zainabu anafuna kuigulitsa koma palibe anaifunsa, ngakhale malata ake ndi abwino ndithu. Chitseko anachimanga ndi waya. Mpanda unagwa ndi mvula ya chaka chatha, ndipo palibe amene anatola bango lake kukasonkhera moto. Khoma la kum'mawa lang'ambika, mavu amanga m'mng'alumo, ndipo mbuzi zimabisala pakhonde dzuwa likatentha. Azimayi opita kukatunga madzi anatsegula njira ina yozungulira kuseri kwa sukulu, yaitali, ya minga, ndipo yakaleyo yamera udzu wofika m'mawondo.

Kuseri kwa nyumbayo kuli mtengo wa mango, wa mtundu waung'ono wotsekemera uja. M'mudzi muno mango sapsera mumtengo, ana amawagenda akadali aawisi. Uwu wabereka chaka chino mpaka nthambi kugunda pansi. Mango akupsa, akugwa okha, akuwolerana mulu pa mulu, ndipo fungo lake limafika mpaka kuchitsime. Dzulo masana ndinaima pamenepo. Ana a sukulu ankadutsa njira yozungulira ija ndi njala yawo ya masana, ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anatembenuza mutu. Kunkamveka ntchentche zokha, ndi bango limodzi lotsalira pa chikhomo likugogoda ndi mphepo, kenako mango ena awiri anagwa.